UMISIRI WA MIPANDO ULI KUITANA ACINYAMATA A KUMIDZI

KUYAMBIRA mwezi wa January 2022, pamene Boma linacotsa malipiro m'masukulu ake kucokera ku makalasi a tiana kufikira ku sekondale, ana ambiri amene anali atangokhala pakhomo anabwerera ku sukulu. Makolo anakondwera kwambiri, koma aphunzitsi anapezana ndi bvuto latsopano, pakuti ana anaculuka kupambana pokhala. M'masukulu ambiri a kumidzi ana anali kulemba atakhala pansi kapena pa njerwa, buku lili pabondo.

M'caka comweco ndalama za citukuko zimene zimapita ku dera la phungu aliyense wa Nyumba ya Malamulo, zodziwika ndi dzina lakuti CDF, zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo pofika 2025 zinali zitakwana K36.1 miliyoni. Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analamula kuti pasapezekenso mwana wokhala pansi m'kalasi, ndi kuti madesiki azigulidwa kwa amisiri a m'dziko muno m'malo moitanitsa kunja.

Lamulo limeneli linatsegula msika waukulu pakhomo peni-peni pa anthu a kumidzi. Koma msika umenewu uli ndi mwambo wake. Khonsolo ikafuna madesiki 200, imafuna kuti onsewo akhale ofanana msinkhu, osagwedera, ndiponso oti aone mvula ya zaka zingapo asanaguluke miyendo. Pafupi-fupi mudzi uliwonse m'cigawo ca Kum'mawa uli ndi munthu wa sowo ndi nyundo amene amakhoma citseko kapena benchi, koma amene angalandire nchito yotere ndi kuitsiriza bwino ndi ocepa. Kumene amisiri otere asowa, ndalama zimapita kwa a m'tauni, acinyamata a pamudzi nkungotsala ndi nchito yotsitsa madesiki m'galimoto.

Motero banja limene lili ndi mwana wotsiriza sukulu, kapena wolekeza panjira, liyenera kudziwa bwino cimene umisiri umenewu uli, kumene umaphunziridwa, ndi cimene umafuna kwa munthu.

UMISIRI WAKALE NDITHU

Kusema mitengo si cinthu cacilendo pakati pa Acewa, Ansenga, Angoni, Atumbuka ndi Akunda. Makolo akale anali kusema mitondo, minsi, mipini, zipande, ng'oma ndi timipando ta mtengo umodzi, ali ndi nkhwangwa ndi kasemasema basi. Wosema anali munthu wolemekezeka, pakuti panalibe khomo losafuna mtondo. Cimene cinabwera pambuyo ndi kuceka mtengo kukhala matabwa ndi kulumikiza matabwawo. Amishoni, monga a mpingo wa Dutch Reformed amene anafika pa Magwero mu 1899, anafuna zitseko, mawindo ndi mabenchi a m'machalichi ndi m'masukulu, motero anayamba kuphunzitsa anyamata kuumba njerwa, kumanga ndi kupala matabwa.

Ngakhale zinali conco, boma la atsamunda linasungira azungu nchito zaumisiri za malipiro abwino. Kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, lamulo silinali kulola munthu wakuda kulembedwa monga wophunzira umisiri pa pangano lobvomerezeka, ngakhale akhale waluso motani. Dziko litalandira ufulu mu 1964 linapezeka kuti lili ndi amisiri a mapepala owerengeka cabe. Kaamba ka ici, Boma la a Kenneth Kaunda linaitana katswiri wa ku Canada, a Saunders, amene lipoti lao la 1967 linatsegula njira ya masukulu a umisiri m'zigawo. Pambuyo pake lamulo la 1998 linakhazikitsa bungwe la TEVETA, limene limalembetsa masukulu otere, kukonza maphunziro ao ndi kuyendetsa mayeso.

Cipsera ca nthawi ya atsamunda cidakalipo m'mitima ya makolo ena, amene amayesa kuti nchito ya manja ndi ya mwana wolephera mayeso. Maganizo amenewa ndi osokeretsa. Wopanga kabati amawerengera tizigawo ta mita tsiku lonse, amawerenga cithunzi ca kapangidwe, ndiponso amasunga buku la ndalama. Mwana wamutu ndiye amapita patsogolo pa nchito imeneyi.

NTHAMBI ZA UMISIRIWU

Anthu amangoti kalipentala kwa aliyense wogwira thabwa, koma nchitozi ndi zosiyana. Alipo kalipentala wa zomanga, amene amakhoma mitengo ya denga ndi malata ndi kupanga zikombole zothiramo konkire. Alipo wa zitseko, mafelemu ndi mawindo. Ndiye alipo wa mipando, matebulo, mabedi, makabati ndi mashelefu, amene nchito yake ndi yosamalitsa kupambana zonse. Pa denga, kuphonya ndi theka la sentimita sikuoneka, koma pa kabati kuphonya ndi mamilimita awiri kumacititsa kuti dirowa ikane kutseguka.

M'mashopu akulu a ku Lusaka, Ndola ndi Kitwe nchito imagawidwanso. Ena amayendetsa makina ocekera ndi opalira, ena amaika masiponji ndi nsalu pa masofa, ena amasalaza ndi kupopera vanishi, ena amapita m'nyumba za anthu kukakhoma makabati a m'khichini. Madesiki ambiri a masiku ano ali ndi miyendo yacitsulo ndi thabwa pamwamba, motero wa matabwa amagwirizana ndi wowocherera zitsulo. Amene anafikako ku Kalingalinga mu Lusaka anaona mabedi, zitseko ndi makabati atandandalika m'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata. Ku Mfuwe, nyumba zogona alendo odzaona nyama zimafuna mipando ndi zosema zokongola. Kumudzi nako kuli ngolo za ng'ombe, ming'oma ya njuci, zitseko za nyumba zatsopano za malata, ndi mabokosi a maliro.

Palibe nthambi pa zonsezi imene mtsikana sangaithe. Puleni ndi chizulo zimafuna diso ndi kudekha kupambana nyonga, ndipo masukulu a umisiri amalandira atsikana ndi anyamata omwe.

CINSINSI CILI PA THABWA LOUMA

Mipando yambiri imene imaguluka msanga inaonongeka isanapangidwe, pa tsiku limene mmisiri anagula thabwa laliwisi. Mtengo wongodulidwa kumene uli ndi madzi ambiri, ndipo pa mitengo ina madziwo amakwana theka la kulemera kwake konse. Thabwa loyenera katundu wa m'nyumba liyenera kutsala ndi madzi okwana pafupi-fupi magawo 12 pa 100. Pamene madzi ali kucoka, thabwa limacepa m'lifupi, m'litali muli cimodzi-modzi. Thabwa la masentimita 20 m'lifupi lingataye mamilimita 5 kufikira 10, malinga ndi mtundu wa mtengo. Tebulo lopangidwa ndi matabwa aawisi limaoneka bwino pa tsiku logula, koma pofika October pakati pa matabwa pamakhala mipata yolowa pensulo, miyendo imagwedera, ndipo citseko ca kabati cimapindika ngati cikopa couma.

Kuumitsa matabwa sikufuna makina. Mmisiri amamanga thandala la mitengo kapena la njerwa lofika m'bondo, pamalo a mthunzi popita mphepo. Amayala matabwa mzere umodzi, naika timitengo touma ta masentimita 2 kapena 3 mopingasa, motalikirana theka la mita, nayalanso mzere wina. Timitengo ta mzere uliwonse tiyenera kukhala pamwamba peni-peni pa tinzake ta pansi, apo ai matabwa amapindika. Pamwamba pa mulu amaika malata ndi miyala yolemera, ndipo nsonga za matabwa amazipaka penti yakale kuti zisang'ambike, pakuti madzi amathawira kunsonga msanga. Kuyanika thabwa padzuwa loswa mtengo ndi kuliononga, cifukwa kunja kumauma m'kati mudakali madzi, thabwa nkung'aluka.

Matabwa ocindikala masentimita 2.5 amafuna miyezi ingapo ya cilimwe, ndipo ocindikala kawiri amafuna nthawi yoposa kawiri. Amene alibe kacipangizo koyezera cinyezi angasankhe thabwa limodzi la pakati pa mulu ndi kumaliika pa sikelo ya nshawa sabata iliyonse. Kulemera kwake kukaleka kutsika kwa masabata atatu kapena anai, matabwa auma. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mmisiri weni-weni amagula caka cino matabwa oti adzasewenzetse caka ca mawa, ndipo mulu umene uli kuseri kwa shopu yake ndiwo nkhokwe yake.

Mitengo nayo ili ndi makhalidwe osiyana. Mlombwa, umene ambiri amauchula mukwa, ndiwo mfumu ya mitengo ya mipando. Sucepa kwambiri pouma, supindika wamba, umapalika bwino, ndipo ciswe sicidya mtima wake wofiirira. Koma cigawo coyera ca kunja kwa mtimawo cimafumbwa msanga, ndipo mmisiri woona mtima saciika pa miyendo ya mpando nkucibisa ndi utoto. Matabwa a mbawa ndi ofiira ndi opepukirapo, abwino pa makabati ndi zitseko. A mupapa ndi olemera ndi olimba, oyenera mafelemu ndi matebulo. A mukusi, ocokera ku Sesheke ndi Mulobezi, ndi olimba gwa, kotero kuti kale anali kuyalidwa pansi pa njanji. A paini ndi ofewa ndi ochipa, koma ciswe cimawakonda ngati sanathiridwe mankhwala. Matabwa a kufakitale, opangidwa ndi utuci wophatikiza ndi guluu, ndi osalala ndi ofulumiza nchito, koma akamwa madzi amafufuma osabwereranso, ndipo m'nyumba yodontha sakhalitsa.

MIYESO NDI KALUMIKIZIDWE

Thabwa likauma, nchito yaciwiri ndi muyeso. Tebulo lodyera limatalika masentimita 75 kucokera pansi, ndipo pokhala pa mpando wake ndi masentimita 45, kuti nchafu zipeze malo. Kabati ya m'khichini yogwirirapo nchito coimirira imatalika masentimita 90. Desiki la mwana wa Geredi 1 silingafanane ndi la mwana wa ku sekondale. Kuti adziwe ngati felemu lakhala bwino pa ngondya zonse zinai, mmisiri amayeza mopingasa kucokera pa ngondya ina kufika pa inzake ya kutsidya, mbali zonse ziwiri. Miyeso iwiriyo ikasiyana ndiye kuti felemu lapotoka, ndipo ayenera kuliongola guluu asanaume.

Nchito yacitatu ndi kulumikiza, ndipo apa mpamene wokhoma misomali amasiyana ndi mmisiri. Msomali wokhomedwa kunsonga ya thabwa sugwira kweni-kweni. Munthu akamatsamira mpando tsiku ndi tsiku, msomali umakulitsa ciboo cake mpaka mpando kumasuka. Mmisiri wophunzira amaboola ciboo ca ngondya zinai pa mwendo, nasema lilime kunsonga ya mtanda loti lilowe m'ciboomo mothina. Kucindikala kwa lilimelo kumakhala gawo limodzi la magawo atatu a thabwa. Akapakapo guluu ndi kufinya ndi makilampu usiku wonse, mpandowo umakhala zaka makumi. Pa ngondya za dirowa amasema mano ooneka ngati mcira wa njiwa, amene amalumana kolimba pamene dirowa ikokedwa.

Mmisiri wotere amadziwanso kuti ngakhale thabwa louma limapuma. M'dzinja limamwa cinyezi nkufufuma pang'ono, m'cilimwe nkucepanso. Ndico cifukwa cake thabwa la pakati pa citseko amalilowetsa m'tingalande ta felemu popanda guluu, kuti lizisuntha momasuka. Citseko copangidwa mu September amacisiyira mpata wa mamilimita 2 kapena 3 kuti cisadzakane kutseka mu February.

Zida zoyambira si zambiri: tepi, sikweya, pensulo, sowo, puleni, machizulo atatu kapena anai, nyundo, coboolera, makilampu ndi mwala wonolera. Wophunzira amayamba ndi kunola, pakuti cida cobuntha cimang'amba thabwa, cimatopetsa, ndipo ndico cimaterereka nkutema dzanja. Makina amafulumiza nchito, koma cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maora ambiri patsiku, cinaonetsa phindu la zida za manja. Amisiri odalira makina okha anakhala manja lende, pamene odziwa puleni ndi sowo anali kugwirabe nchito. M'midzi yopanda magetsi, zida zomwezi ndizo zimadyetsa banja.

KUMENE UMISIRI UMAPHUNZIRIDWA

Njira yoyamba, imene amisiri ambiri anadzera, ndi kukhala pa mapazi a mmisiri wamkulu. Njirayi ndi yochipa, ndipo wophunzira amaona msika ndi maso ake. Kuipa kwake nkwakuti mwana amatengera zabwino ndi zoipa zomwe, ndipo ena amatha zaka ziwiri ali kungopala matabwa ndi kutumidwa ku msika. Makolo asanapereke mwana ayenera kupita okha ku shopu, aone ngati pali mulu wa matabwa ouma, agwedeze mpando umodzi, afunsenso anthu amene anagula katundu pamenepo zaka zitatu zapitazo. Ayeneranso kupangana poyera, pamaso pa mboni, za utali wa maphunziro, cakudya, ndi zimene mwana adzaphunzira caka ciliconse.

Njira yaciwiri ndi sukulu ya umisiri yolembetsedwa ndi TEVETA. M'cigawo ca Kum'mawa muli Chipata Trades Training Institute, Ukwimi Trades Training Institute, ndi malo ena a Boma ndi a mipingo, monga a ku Chikowa m'boma la Mambwe. Ndi bwino kuyamba mwafunsa ku sukuluko ngati kalasi ya matabwa ilipo caka cimeneco, ndi kuona kalata yosonyeza kuti sukuluyo ndi yolembetsedwa. Amene anatsiriza Geredi 12 angaphunzire zaka ziwiri ndi kulandira Craft Certificate. Amene analekeza m'munsi ali ndi mayeso a Trade Test, amene ali ndi makwerero atatu: woyamba kumene amalemba Level 3, kenaka Level 2, ndipo pamwamba pali Level 1. Mmisiri amene anaphunzira pa shopu cabe, ngakhale wa imvi, angapemphenso kuti TEVETA imuyese pa zimene adziwa kale ndi kumpatsa setifiketi. Pepala silipala thabwa, koma polembedwa nchito ku kampani kapena popempha nchito ya Boma, ndilo limayamba kufunsidwa.

Kunena za malipiro, kuyambira 2022 gawo lina la ndalama za CDF limalipirira acinyamata osowa amene apeza malo m'masukulu a umisiri. Wofuna thandizoli amatenga fomu ku komiti ya citukuko ya wadi yake kapena ku ofesi ya khonsolo, naperekapo kalata yomuitana ku sukulu ndi reji yake. Nthawi yolandira mafomu imalengezedwa ndi khonsolo, ndipo wocedwa amadikira ulendo wina.

KUWERENGERA NDI MBIRI YABWINO

Amisiri ambiri aluso amakalamba ali osauka cifukwa cosadziwa kuwerengera. Matabwa amagulitsidwa limodzi-limodzi kapena pa kiyubiki mita. Thabwa la mamita 3 m'litali, masentimita 20 m'lifupi ndi masentimita 2.5 kucindikala ndi 0.015 ya kiyubiki mita, ndiye kuti kiyubiki imodzi ili ndi matabwa otere 66 ndi kacidutswa. Wodziwa ici sapusitsidwa pa msika. Ayenera kukumbukanso kuti popala, thabwa limataya mamilimita 3 kufikira 5, ndi kuti mfundo, ming'alu ndi zidutswa zotsala zimadya gawo limodzi la magawo asanu kapena kuposa.

Pochula mtengo wa kabati, mmisiri aphatikize matabwa, guluu, misomali, mahinjesi, loko, sandipepa, vanishi, ndalama yonyamulira, lendi ya malo, kutha kwa zida, ndi masiku amene iye mwini wagwira. Ambiri amaiwala cotsirizaci, nagwira sabata yathunthu kwaulere. Zonse zilembedwe m'buku, ndipo wogula apatsidwe kapepala kosonyeza muyeso, mtundu wa matabwa, ndalama imene wapereka ndi tsiku lodzatenga katundu.

Msika wa kumidzi umayenda ndi nyengo. Kuyambira June kufikira October, anthu atagulitsa cimanga, nshawa, soya, thonje ndi fodya, amagula mabedi, zitseko ndi mipando. Mu January ndi February ndalama zimasowa, ndipo nchito imene imabwera kawiri-kawiri ndi bokosi la maliro, limene acibale amatenga pa ngongole. Mmisiri wanzeru amalima munda wake m'dzinja, amapanga katundu wosungira nthawi yokolola, ndipo sadya ndalama imene wogula wapereka yogulira matabwa. Mau akuti "mubwere mawa" ndiwo anaipitsa mbiri ya amisiri ambiri, ndipo wogula amene wanamizidwa katatu amauza mudzi wonse.

Nchito za Boma zili ndi zofunika zake. Shopu iyenera kulembetsedwa ku PACRA kapena kukhala kopaletivu yolembetsedwa, ikhale ndi nambala ya msonkho ya TPIN kucokera ku ZRA, ndiponso akaunti ku banki. Malipiro kawiri-kawiri amabwera katundu ataperekedwa ndi kuyesedwa, motero pamafunika mpamba wogulira matabwa ndi zitsulo. Mutu umodzi susenza denga. Amisiri asanu kapena khumi a wadi imodzi akapanga gulu, angagule matabwa pamodzi, kugawana nchito, ndi kupempha ngongole ya CDF ya magulu a acinyamata ndi amai.

NGOZI ZA PA NCHITO

Makolo ayeneranso kudziwa kuti nchitoyi ili ndi ngozi zake. Makina ocekera ndi opalira adula zala za anthu ambiri, maka-maka pokankha kathabwa kakafupi ndi dzanja m'malo mwa kamtengo kokankhira. Fumbi la matabwa olimba limayambitsa mphumu ndi kuyabwa m'mphuno ndi m'maso, ndipo madokotala anapeza kuti wolipuma zaka zambiri angadwale khansa ya m'mphuno. Phokoso la makina limagonthetsa makutu pang'ono-pang'ono. Vanishi ndi mafuta osungunulira penti zimayaka msanga, ndipo utuci uli ngati udzu wouma. Cophimba pamphuno, magalasi a maso ndi shopu yopita mphepo ndi zochipa poyerekeza ndi cipatala. Wolemba anthu nchito ali ndi udindo mwalamulo wowalembetsa ku Workers' Compensation Fund Control Board, bungwe limene limalipira wobvulala pa nchito.

POPANDA MTENGO PALIBE MMISIRI

Bvuto lalikulu kupambana onse lili m'nkhalango. M'madera ambiri mmene mlombwa unali kupezeka m'mphepete mwa minda, oceka matabwa tsopano amayenda mitunda italiitali kukaufuna. Makala, minda yatsopano, moto wa m'chire ndi nkhuni zoumitsira fodya zacepetsa mitengo. Mlombwa umakula mocedwa kwambiri. Kamtengo kake kamauma kumtunda cilimwe ciliconse kwa zaka zingapo pamene muzu uli kukula pansi, ndipo kuti ufike poti nkuceka matabwa pamapita zaka makumi ambiri. Wodula mlombwa lero amadula mtengo umene unamera agogo ake ali ana.

Zimene zinacitikira mtengo wa mukula ndi cenjezo. M'zaka za m'ma 2010 mitengo imeneyi inadulidwa yambiri-mbiri ndi kutumizidwa ku China ili zipika zosaceka. Anthu a kumidzi analandira tindalama tocepa, ndipo phindu la kupanga mipando linapita kunja. Mu 2019 maiko a m'pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi, anaika mukula pa mndandanda wa mitengo yosatuluka m'dziko popanda cilolezo capadera. Mu 2022 anaonjezapo mlombwa, mbawa ndi mupapa.

Lamulo la nkhalango la 2015 limafuna kuti wodula mitengo ya matabwa ndi woinyamula akhale ndi cilolezo ca Dipatimenti ya Nkhalango, ndipo matabwa opanda mapepala angalandidwe pamseu. Mmisiri wogula matabwa a usiku angataye mpamba wake wonse pa tsiku limodzi. Lamulo lomweli limalola midzi, mogwirizana ndi mfumu yao, kupanga gulu loyang'anira nkhalango yao ndi kupindula nayo.

Amisiri oona patali ayamba kale kusintha. Paini ndi bulugamu zocokera m'minda ya ZAFFICO ku Copperbelt, kampani imene inakhazikitsidwa mu 1982, zimakwanira bwino pa madesiki, mashelefu ndi m'kati mwa makabati, mlombwa nkusungidwira malo ooneka okha. Zidutswa zimene kale zinali kupita pamoto zimapangidwa timipando, mafelemu a zithunzi ndi zoseweretsa ana. Malaina amakula msanga pakhomo ndipo amapereka matabwa m'zaka 15 kufikira 20. Mbawa yobzalidwa m'mbali mwa mtsinje kapena dimba imakula bwino, ndipo mlombwa umaphuka ngakhale pozika nthambi yaikulu monga amacitira pomanga mpanda.

Wacinyamata wa zaka 18 amene alowa sukulu ya umisiri caka cino, akabzala malaina 50 kuseri kwa nyumba pa mvula yoyamba, adzawaceka asanakwanitse zaka 40, pamene ana ake adzakhala akufuna ndalama za koleji. Mafumu, aphunzitsi ndi makomiti a mawadi ali ndi udindo wouza acinyamata za mafomu a CDF nthawi isanathe, ndiponso woonetsetsa kuti desiki lililonse lolandiridwa pa sukulu lagwedezedwa ndi kuyesedwa. Makolo nao apite ku khonsolo kapena ku sukulu ya umisiri imene ili pafupi akadzifunsire okha. Madesiki amene anagulidwa mu 2022 ndi 2023 sadzakhala cikhalire. Adzafuna wowakonza ndi wopanga ena, ndipo nchitoyo idzapita kwa amene adzapezeke ali ndi matabwa ouma, zida zakuthwa ndi mapepala okwanira.